Chithunzi changa cha linga la Tantallon sichikufanana ndi malo enieniwo: kodi anandipusitsa?

Mayi wina amene amakhala ku Musselburgh, kufupi ndi mzinda wa Edinburgh ku Scotland, watilembera motere: "Mwezi wathawu ndinagula chithunzi chakale mu shopu ya zinthu zogwiritsidwa kale ntchito pa mtengo wa mapaundi 12. Pansi pake palembedwa kuti Tantallon Castle, ndipo m'makona muli timalemba timene sindikutha kutiwerenga bwino. Loweruka lina ndinatenga ana kukaona malowo, koma zimene ndinapeza n'zosiyana. Pachithunzi changa lingalo lili pamwamba pa phompho lalitali zedi ndipo chilumba chili pafupi ngati ungachigende ndi mwala, pamene pa chithunzi chimene ndinajambula ndi foni chilumbacho ndi kadontho chabe. Kodi anandigulitsa chinthu chabodza? Komanso pepalalo lili ndi mawanga ofiirira, ndipo mnzanga akuti ndiwapukute ndi kansalu konyowa kothira jiki pang'ono. Ndichite bwanji?"

Mayi, ndiyambe ndi chimene chili chachangu: jikiyo ibwezereni kumene mumasunga sopo, ndipo pepalalo lisakhudzidwe ndi madzi ngakhale dontho limodzi. Za mawangawo ndibwerako. Pa funso lanu lalikulu, mtima ukhale m'malo. Pa zaka zoposa 20 zimene ndakhala ndikugwira mapepala akale, poyamba m'kashopu koika zithunzi m'mafelemu ndipo kenako pophunzitsa mbiri ya zojambulajambula, sindinaonepo chithunzi cha Tantallon cha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800 chimene chimafanana ndendende ndi zimene munthu amaona akaima pamalopo. Amisiri a nthawiyo ankasintha malo mwadala, ndipo ogula ankadziwa zimenezo ndi kuziyembekezera. Choncho kusiyana kumene kwakudabwitsaniku sikukutiuza kuti munapusitsidwa. Funso loti pepala lanulo ndi lakaledi kapena ndi losindikizidwa posachedwapa ndi lina, ndipo mungathe kuliyankha nokha patebulo panu.

Kuti muone zimene wojambulayo anasintha, muyenera kudziwa kaye zimene anapeza. Linga la Tantallon linamangidwa chapakati pa zaka za m'ma 1300 ndi William Douglas, amene mu 1358 anakhala munthu woyamba kupatsidwa udindo waulemu, wonga waufumu, wa Earl of Douglas. Malo amene anasankha ndi kamtunda kolowa m'nyanja, makilomita pafupifupi 5 kum'mawa kwa tawuni ya North Berwick, kokhala ndi maphompho mbali zitatu. Omanga anaona kuti nyanja yawagwirira kale ntchito yaikulu, motero mphamvu zawo zonse anaziika mbali imodzi yokha imene mdani akanadzera, ya kumtunda. Kumeneko anaimika khoma la miyala yofiira lotalika mamita pafupifupi 90 kuchoka kuphompho lina kukafika kulina, lokwera mamita oposa 15, ndipo kuchindikala kwake n'kopitirira mamita atatu ndi theka. Kutsogolo kwake anakumba ngalande yakuya m'thanthwe. Pakhomalo pali nsanja zitatu: yapakati, imene inali chipata ndipo inkafika mamita pafupifupi 24, ya kumpoto chakumadzulo, yotchedwa Douglas Tower, mmene munkagona mwini wake, ndi ya kum'mawa. Akatswiri a zomangamanga amaliwerenga ngati linga lalikulu lomaliza la mtundu umenewu ku Scotland, chifukwa pambuyo pake olemera ambiri anayamba kumanga nyumba za nsanja imodzi yaitali m'malo mwa makoma otambalala chotere.

Kamangidwe kameneka n'kamene kamavutitsa ojambula. Mukadzera kumtunda, monga munachitira inu ndi ana, khomalo limakutsekerani maso onse, ndipo nyanja imene inachititsa kuti limangidwe pamenepo simuiona bwino mpaka mutalowa pachipata. Mukalowa mumapeza bwalo la udzu, zotsalira za holo kumbali ya kumpoto, ndi chitsime chakuya mamita oposa 30, basi. Lingali lili ngati chitseko chachikulu chimene nyumba yake ndi mphepo ndi madzi. Wojambula amene akufuna kuti khoma, phompho, mafunde ndi chilumba cha Bass Rock zikwane papepala limodzi sangaime pamene amaima alendo. Ayenera kutsika kugombe, ndipo ngakhale atatsika, ayenera kusendeza zinthu zina.

Nsanja zogumuka zimene mukuziona pachithunzi chanu zili ndi mbiri imene ojambula sankaionetsa. Iwo ankakonda kuti woonera aganize kuti mvula, mphepo ndi ukalamba ndizo zinadya miyalayo pang'onopang'ono, koma zoona zake n'zakuti ntchito yaikulu inagwiridwa ndi mizinga m'masiku 12. Lingali litagwa m'manja mwa nthambi ya banjalo yotchedwa Red Douglas, ma Earl of Angus, linakhala munga kwa mafumu a ku Scotland. James IV analizinga mu 1491. Mu 1528 James V, ali mnyamata wa zaka 16 amene anali atangothawa m'manja mwa bambo ake omupeza, Archibald Douglas, amene anali mwini lingali, anabwera ndi mizinga yobwereka ku linga la Dunbar n'kuliomba kwa masiku 20, koma khoma silinagonje. Analitenga chaka chotsatira mwa mgwirizano, ndipo pozindikira kuti nkhondo zasintha, analamula kuti zipinda zina za m'kati mwa khoma zidzazidwe ndi miyala, kuti aboole mazenera otambalala oombera mfuti, ndiponso kuti kutsogolo kwa chipata amange nsanja ina yotchinjiriza. Mukadzapitanso mudzayang'anitsitse pachipatapo: mwala wa ntchito ya James V ndi wobiriwira, wosiyana ndi wofiira wa m'zaka za m'ma 1300, ndipo malire ake amaoneka ngati chigamba pamalaya. Anthu a kumeneko anafika pokhala ndi mwambi wonena za chinthu chosatheka, woyerekeza kugwetsa Tantallon ndi kumanga mlatho wokafika ku Bass Rock. Mwambiwo unatha mphamvu mu 1651, pamene asilikali a ku England a Oliver Cromwell, motsogozedwa ndi General Monck, anazinga amuna 91 okha amene anali m'katimo n'kuphwasula nsanja ziwiri za kumapeto. Lingalo silinakonzedwenso. Linagulitsidwa kwa banja la Dalrymple mu 1699, ndipo boma linayamba kulisamalira mu 1924.

Ndiye kuti pamene amisiri otchuka ankafika ndi mapensulo awo, malowo anali atakhala bwinja kwa zaka zoposa 150. Chinawakokera kumeneko n'chiyani? Choyamba, nkhondo za pakati pa Britain ndi France, kuyambira mu 1793 mpaka 1815, zinatsekereza anthu olemera amene anazolowera kukayenda ku Italy, motero anayamba kufunafuna malo ochititsa chidwi m'dziko lawo lomwe. Kunalinso kaganizidwe kamene kanali katafala kale, koti malo okongola ndi amene akufanana ndi chithunzi, ndipo bwinja logumuka mosalongosoka limaposa nyumba yabwinobwino. M'busa wina wa ku England, William Gilpin, amene anaphunzitsa anthu ambiri kuona malo motere, anafika polemba kuti bwinja la Tintern Abbey, nyumba yakale ya amonke ku Wales, likanakongola koposa munthu atagumulako mbali zina ndi nyundo. Munthu wa maganizo otero sangaone vuto kutalikitsa phompho papepala. Kenako mu 1808 mlembi wa ku Scotland, Walter Scott, anatulutsa ndakatulo yake yaitali yotchedwa Marmion, imene mbali ina ya nkhani yake imachitikira ku Tantallon, ndipo anthu amene anaiwerenga anafuna kuona malowo, kapena kukhala ndi chithunzi chake pakhoma.

Alexander Nasmyth, amene ambiri amamutcha tate wa zojambula za malo ku Scotland, anajambula Tantallon ndi Bass Rock cha m'ma 1816, nyanja itakalipa, ndipo chithunzicho chili m'manja mwa National Galleries of Scotland mumzinda wa Edinburgh, kufupi ndi kwanu. John Thomson, m'busa wa mpingo wa ku Duddingston amene ankalalikira Lamulungu n'kumajambula m'kati mwa sabata, ankakonda kwambiri malinga a m'mphepete mwa nyanja imeneyi. J. M. W. Turner anabwera mu 1818 kudzajambula malo oti alowe m'buku la zakale za ku Scotland limene mawu ake ankalemba Scott, ndipo chithunzi chake cha Tantallon cha utoto wamadzi anachimaliza mu 1821. Onsewa anali anthu odziwa kuyeza ndi maso, ndipo akanafuna kujambula mwala uliwonse pamalo pake akanatha. Turner makamaka ankalemba mizere yochepa m'kabuku ali pamalopo, n'kukamaliza chithunzi ku London patapita miyezi ngakhale zaka, ndipo chimene ankafuna kubweza papepala ndi mantha amene munthu amamva akaima pansi pa thanthwe mafunde akuswa pafupi. Phompho la Tantallon ndi la mamita pafupifupi 30, koma mukaliyang'ana kuchokera pamiyala ya kugombe khosi litapindikira kumbuyo, limaoneka lalitali kuposa pamenepo. Wojambula amawonjezera pang'ono, n'kuika kamunthu kakang'ono pansi, msodzi kapena mbusa wa nkhosa, kuti diso liyerekeze. Wozokota chitsulo chosindikizira, amene mwina sanapondeko n'komwe ku East Lothian, dera limene kuli Tantallon, amawonjezeranso pake podetsa mitambo. Akamadzakopera wina kuchokera pa chosindikizidwacho, phompho lakula kachitatu.

Pa nkhani ya chilumba, ndikupempheni kuti musaikhulupirire kwambiri foni yanu. Bass Rock ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi awiri kuchokera kugombe, ndipo ndi thanthwe lokwera mamita oposa 100, loyera mbuu m'chilimwe chifukwa cha mbalame zikwizikwi zotchedwa gannet ndi zitosi zake. Munthu akaliyang'ana ndi maso limadzaza mtima, chifukwa diso limasankha chimene likufuna n'kuiwala zozungulira. Kamera ya foni imatenga malo otambalala kwambiri nthawi imodzi, ndipo potero imachepetsa chilichonse chakutali. Kunena zoona, chilumba chimene munachiona tsiku lija chinali pakati pa ziwirizi: chachikulu kuposa kadontho ka mufoni, chaching'ono kuposa chimphona cha pachithunzi chakale. Ine ndimaona kuti pa mfundo imeneyi wojambula wakaleyo ndiye ali pafupi ndi zimene munthu amakumbukira akabwerera kunyumba.

Tsopano tiyeni tione pepala lanulo. Liikeni patebulo pafupi ndi zenera masana, mutsegule kamera ya foni n'kukulitsa chithunzi mpaka pamapeto, kapena mubwereke galasi lokulitsa zinthu. Yang'anani kumitambo kapena pamadzi. Mukaona timizere tosalala tambirimbiri, tina toyenda limodzi, tina topingasana, takuthwa ngati tolembedwa ndi singano, ndiye kuti muli ndi chithunzi chosindikizidwa kuchokera pa chitsulo kapena mkuwa wozokotedwa pamanja, ndipo mwina ndi cha m'zaka za m'ma 1800. Mukaona timadontho tofanana tondandalikana bwinobwino ngati sefa, makamaka ta mitundu inayi, yofiira, yachikasu, yabuluu ndi yakuda, ndiye kuti ndi kope la makina amakono, ngati la pakalendala. Nthawi zina kuzungulira chithunzi kumakhala kamzere kolowa m'kati, kosonyeza pamene m'mphepete mwa chitsulo munadinda pepala lonyowa. Kakapezeka ndi umboni wabwino, koma kakasowa musataye mtima, popeza mapepala ambiri anadulidwa m'mbali pomanga mabuku.

Timalemba ta m'makona tija ndi mawu a Chilatini ofupikitsidwa. Kumanzere kumakhala dzina la amene anajambula, lotsatiridwa ndi "del." kapena "pinx.", kapena mawu a Chingerezi onena kuti chinajambulidwa ndi uje. Kumanja kumakhala dzina la amene anazokota chitsulo, lotsatiridwa ndi "sc." kapena "sculp." Pansi penipeni, ngati sanadulepo, pamakhala dzina la wosindikiza, mzinda ndi chaka. Pachithunzi penipenipo palinso zokuthandizani kudziwa nyengo. Nsanja younikira sitima za panyanja imene ili pa Bass Rock inayamba kugwira ntchito mu 1902, choncho ikaoneka, chithunzicho sichingakhale cha nthawi ya Turner. Sitima yofuka utsi ikaoneka patali, sichingakhale cha m'zaka za m'ma 1700.

Za mtengo ndikuuzeni mosabisa, kuti musayambe kuwerengera ndalama zimene palibe. Kuyambira m'zaka za m'ma 1820 osindikiza anayamba kugwiritsa ntchito chitsulo cholimba m'malo mwa mkuwa, umene unkaperepeseka ukadinda makope mazana ochepa. Chitsulo chinkadinda zikwi, ndipo mabuku a zithunzi za ku Scotland anadzaza m'nyumba za anthu. Pambuyo pake ogulitsa anazindikira kuti buku likang'ambidwa n'kugulitsa tsamba lililonse palokha limapindulitsa kuposa lathunthu, ndipo ambiri ankapakanso utoto wamadzi pamasambawo kuti akope ogula. Zithunzi zambiri zotere zimagulidwa pa mapaundi makumi ochepa, ngakhale zitakhala ndi zaka pafupifupi 200. Dzina la Turner likapezeka kumanzere, likutanthauza kuti wozokota anatsatira chojambula chake, osati kuti dzanja la Turner linakhudza pepala lanulo. Ngati chili chakaledi, mapaundi 12 simunataye. Zinthu zingasinthe pokhapokha mutapeza kuti pansi pa utoto palibe mizere ya inki kapena timadontho, koma pali zizindikiro za pensulo ndi malo amene utoto unadikha n'kuuma pamene burashi inaima. Pamenepo muli ndi chojambula chapamanja, ndipo ndi bwino kutumiza zithunzi zake, kutsogolo ndi kumbuyo, ku kampani yodziwika yogulitsa zinthu zakale pa okushoni. Ambiri amapereka maganizo oyamba kwaulere. Ngakhale apo muyembekezere pang'ono, chifukwa anthu ophunzira kujambula m'nthawi imeneyo ankakopera zithunzi zotchuka mwaunyinji.

Tibwerere ku mawanga. Akatswiri amawatcha foxing, ndipo amayamba chifukwa cha chinyezi chimene chimadzutsa nkhungu kapena kuchititsa dzimbiri tizidutswa tachitsulo timene tinatsalira m'pepala polipanga. Jiki imawayeretsadi kwa kanthawi, ndipo n'chifukwa chake mnzanuyo akuikhulupirira, koma imadya ulusi wa pepala, ndipo pakapita zaka malowo amafumbutuka kapena kusanduka achikasu kuposa poyamba. Madzi okha nawonso ndi oopsa. Ndili wachinyamata pantchitoyi ndinayesa kuchotsa kadontho pakona ya chithunzi cha kasitomala ndi thonje lonyowa, ndikuganiza kuti inki yakale siisungunuka. Inkiyo sinasungunukedi, koma utoto wabuluu wa kumwamba, umene wina anapaka pambuyo pake, unatsatira thonjelo, ndipo pamene pepala linauma panatsala mzere wofiirira wozungulira ngati wa kapu ya tiyi patebulo. Kadontho kaja kanali kakang'ono ngati njere ya mapira. Chilema chimene ndinasiya chinali chachikulu ngati ndalama yachitsulo, ndipo sichinachoke.

Chimene mungachite nokha ndi kuletsa kuti vutoli lisapitirire. Tembenuzani felemuyo muone chimene chili kumbuyo. Ngati pepala lagona pa thabwa kapena pa katoni yofiirira, zimenezo zimatulutsa asidi amene amalipsereza pang'onopang'ono, ndipo woika zithunzi m'mafelemu angakusinthireni n'kuika katoni yopanda asidi, yokhala ndi chibowo chimene chimachititsa kuti pepala lisagunde galasi. Mumuuze momveka kuti asamate chithunzicho pa bolodi ndiponso asagwiritse ntchito selotepi, chifukwa guluu wake amalowa m'pepala n'kusiya banga losachoka. Pochipachika pewani khoma limene kuseri kwake ndi panja, limene m'nyumba zambiri za ku Scotland limazizira n'kuchita thukuta m'nyengo yozizira. Pewaninso pamwamba pa hita, kukhitchini ndi kubafa. Dzuwa nalo ndi mdani, makamaka ngati pali utoto. Umboni wake muli nawo pafupi: zithunzi 38 za utoto wamadzi za Turner zimene Henry Vaughan anasiyira nyumba ya zithunzi ya ku Edinburgh mu 1900 anazipereka ndi lamulo loti zizionetsedwa mu Januwale mokha, mwezi umene kuwala kumakhala kofooka, ndipo mitundu yake idakali yowala mpaka lero. Mukapeza mpata mu Januwale, pitani ndi ana mukaone mmene utoto wosungidwa bwino umaonekera.

Pali zizindikiro zina zimene zikaoneka musazengereze kufunsa katswiri wokonza mapepala akale: nkhungu yaubweya imene ikuoneka kuti ili moyo, fungo lachinyontho mukatsegula kumbuyo, pepala lomatirira kugalasi, mabowo a tizilombo, kung'ambika kolowa m'chithunzi, kapena mawanga amene akuchuluka. Kuti mudziwe ngati akuchuluka, jambulani pepalalo lero ndi foni, mudzajambulenso pakatha miyezi isanu ndi umodzi, muyerekeze. Likamatirira kugalasi musalikoke ngakhale pang'ono. Bungwe la Institute of Conservation, lodziwika kuti Icon, lili ndi mndandanda wa akatswiri ovomerezeka pa intaneti, ndipo mungasankhe amene ali kufupi nanu. Mufunse mtengo ntchito isanayambe, chifukwa nthawi zambiri kuyeretsa kumadya ndalama zoposa mtengo wa chithunzicho. Ngati mawangawo ndi ochepa, ali m'mbali ndipo sakuchuluka, malangizo anga ndi oti muwasiye. Ndalamazo zipite ku katoni yabwino ndi felemu.

Ngati mukufuna kudziwa mbali zimene wojambula wanu ananena zoona, yerekezani chithunzicho ndi mapulani a David MacGibbon ndi Thomas Ross, akatswiri a zomangamanga a ku Edinburgh amene anayeza malinga a ku Scotland m'zaka za m'ma 1880, kapena ndi zithunzi zakale zimene Historic Environment Scotland, bungwe limene likusamalira Tantallon masiku ano, laika pa intaneti. Kawirikawiri mudzapeza kuti chiwerengero cha nsanja, malo a chipata ndi mmene zinagumukira n'zolondola, pamene phompho, nyanja ndi mtunda wa chilumba ndi zimene anaseweretsa. Koma njira imene ine ndimaikonda ndi ya miyendo. Jambulani chithunzi chanucho ndi foni, chenichenicho chitsale kunyumba, ndipo mupite ku gombe la Seacliff, kum'mawa kwa lingalo, kumene khoma lofiira limaonekera pamwamba pa thanthwe ndipo Bass Rock imakhala kudzanja lanu lamanja. Muyambe mwaona nthawi imene madzi amaphwa ndi kudzaza tsiku limenelo, chifukwa nyanja ya kumeneko imabwerera mofulumira ndipo miyala yake ndi yoterera, ndiponso ana asayandikire kunsi kwa phompho. Yendani pang'onopang'ono mukuyerekeza mpaka nsanja zitatu zija zitaima monga zaimira pachithunzi chanu, ndipo mukapapeza pamenepo mudzandilembere mayina awiri amene ali m'makona, kuti tione ngati wojambulayo anaimadi pamalopo kapena anakopera kwa mnzake.